Chifuwa chakula mbali imodzi: vuto ndi thupi kapena zitsulo?

"Akochi, ndine mnyamata wa zaka 24, ndimakhala ku Ndirande. Ndakhala ndikunyamula zitsulo kwa zaka ziwiri kuseri kwa nyumba ya mnzanga, komwe tinaumba zathu za simenti. Thupi lasintha ndithu, koma chifuwa chakumanja n'chodzadza bwino pomwe chakumanzere n'chophwatalala. Ndikavula malaya anzanga amandiseka kuti ndapendekeka ngati minibasi yophwa tayala. Wina akuti ndizipanga mapushapu a dzanja limodzi 100 tsiku lililonse kumanzereko, wina akuti ali ndi jekeseni yoti ingadzadzitse mbali imeneyo. Sindimva kupweteka kulikonse. Kodi ndi matenda? Nditani?"

Achimwene, mtima ukhale m'malo. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuphunzitsa anthu zitsulo, sindinaonepo munthu amene mbali zake ziwiri n'zofanana ndendende. Ngakhale akatswiri amene amaima pa siteji atadzola mafuta, mukawayang'anitsitsa mupeza kuti bere lina lili m'mwamba pang'ono, phewa lina latsika, mkono wina wanenepa kuposa unzake. Amangodziwa kaimidwe kobisa zimenezo. Mawu amene andisangalatsa m'kalata yanu ndi akuti simumva kupweteka, ndipo momwe ndamvera, kusiyanaku kwabwera pang'onopang'ono, sikuti munangodzuka nako tsiku limodzi. Zinthu ziwiri zimenezi zikusonyeza kuti nkhani yanu ndi ya kanyamulidwe ndi chibadwa, osati matenda. Komabe ndikuuzani kutsogoloku zizindikiro zimene sizifuna kochi koma dokotala, kuti mudziyese nokha.

Tiyambe ndi mnofu weniweniwo. Umene mukuuona pagalasi madokotala amautcha pectoralis major. Uli ngati chikupizo chotambasula: mbali ina imayambira pa fupa lopingasa lili m'munsi mwa khosi, mbali yaikulu imayambira pa fupa la pakati pa chifuwa ndi m'mphepete mwa nthiti, ndiye zonsezo zimakasonkhana pamodzi n'kukagwira pa fupa la mkono, pafupi ndi phewa. Pansi pake pali kamnofu kena kakang'ono, pectoralis minor, kochokera pa nthiti yachitatu, yachinayi ndi yachisanu. Ndikukuuzani izi chifukwa malo amene mnofu unagwira fupa munabadwa nawo. Ngati kumanzere mnofu unagwira patali pang'ono ndi pakati pa chifuwa, mpata wa pakatipo uzioneka wokhota mpaka kalekale. Ngati m'munsi mwa chifuwa chakumanja munazungulira pomwe chakumanzere munaphwanyika ngodya, palibe chitsulo chimene chingasinthe zimenezo. Kukula kwa mnofu ndi mphamvu zake, izo ndiye mungazisinthe. Maumbidwe ake ayi. Anyamata ambiri amataya miyezi akulimbana ndi chinthu chimene anatengera kwa agogo awo.

Mafupa nawonso amanamiza maso. Pali anthu amene nthiti za mbali imodzi zinatukuka pang'ono, ena fupa la pakati pa chifuwa linalowa m'kati kapena linatulukira kunja mopendama, ena msana unakhota pang'ono kuyambira ali achichepere osadziwa. Mnofu wa pamwamba pa nthiti zotukuka umaoneka waukulu ngakhale uli wofanana ndi unzake, monga momwe bulangeti limodzimodzi limaonekera lonenepa likafunda pilo. Munthu akali woonda palibe amene amazindikira. Akayamba kukula chifuwa n'kuyamba kuvula malaya pagulu, m'pamene anzake amayamba kuloza.

Ndiye musanasinthe chilichonse, tsimikizani kaye kuti kusiyanako kulipodi, komanso kuti n'kwakukulu bwanji. Galasi la m'chipinda lili pafupi ndi windo limaika mthunzi mbali imodzi, ndipo mbali ya mthunzi imaoneka yozama ndi yodzadza. Foni mukaigwira ndi dzanja limodzi, phewa la dzanja limenelo limapita kutsogolo, chifuwa cha mbali imeneyo chimafinyika. Pemphani mnzanu akujambuleni ataima mamita awiri kapena atatu, kuwala kukuchokera kutsogolo, manja mutawagwetsa mwaulesi, musanachite masewera aliwonse tsikulo. Akujambuleninso chakumbuyo. Chithunzi chakumbuyocho n'chimene ine ndimayamba kuona, chifukwa nthawi zambiri chimaulula kuti phewa limodzi linagwera kutsogolo, ndipo chifuwa chilibe mlandu.

Tsopano tifike pamene ndikukayikira kwambiri, pa zitsulo zanu za simentizo. Sindikuzinyoza. Adzitho ambiri m'matauni athu anakulira pa zitini za penti zothiridwa konkire ndi ma flywheel a galimoto zakufa. Koma munaziyezapo pa sikelo? Zitini ziwiri zofanana sizitulutsa kulemera kofanana ngati china munathiramo miyala yambiri, china mchenga wambiri, kapena china chinabenthuka pogwetsedwa. Ndinaitanidwapo pa jimu ina ya kuseri kwa nyumba komwe anyamata angapo amadandaula za vuto lofanana ndi lanu, ndipo chodabwitsa chinali chakuti onse mbali yaikulu inali imodzimodzi, ngakhale wamanzere amene anali pagululo. Tinanyamula zigulumwa zija kupita nazo pa sikelo ya ogula soya pamsika. China chinaposa chinzake ndi makilogalamu angapo. Benchi inakhomeredwa malo amodzi, paipi imakhala momwemo chaka chonse, ndiye aliyense amasenzetsa mbali imodzi katundu woposa. Mankhwala ake anali kugula thumba laling'ono la simenti basi.

Ngakhale zigulumwa zitafanana, paipi yopanda zizindikiro imakupusitsani. Chitsulo cha m'majimu akuluakulu, chija chimalemera makilogalamu 20, chili ndi mizere yosonyeza poika manja. Paipi ya madzi ilibe. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mukukankha makilogalamu 60, manja atalikirana masentimita 80. Mukagwira mophonya pakati ndi masentimita 4 okha, kutanthauza zala ziwiri kapena zitatu, dzanja lina limasenza makilogalamu 33, linalo 27. Kusiyana kwa makilogalamu 6 pa kukankha kulikonse, katatu pa sabata, kwa zaka ziwiri. Thupi silinama, limakula molingana ndi ntchito imene mwalipatsa. Tengani tepi yoyezera, pezani pakati penipeni pa paipiyo, ikani chizindikiro ndi penti, kenako muyeze mtunda wofanana uku ndi uku n'kumangapo selotepi poika manja. Onaninso benchi ngati mwendo wina sunalowe m'dothi.

Chachitatu ndi dzanja lozolowera. Ngati ndinu wamanja, dzanja limenelo lakhala likukhoma, kutunga, kuponya ndi kunyamula kuyambira muli mwana, ndipo ubongo umadziwa kulilamula bwino kuposa linzake. Mukagona pansi pa chitsulo chachitali, manja awiri amagwira ntchito imodzi, ndipo lamphamvu limaba ntchito ya lofooka inu osadziwa. Mnzanu akujambuleni kanema ataima kumutu kwanu pamene mukukankha, makamaka maulendo awiri omaliza. Mudzaona chitsulo chikukwera mopendekeka, chigongono china chikutambasukira kunja, phewa lina likunyamuka pa benchi, thako likusunthira mbali imodzi. Ntchito imene mumagwira masana imathiranso ndemanga. Womanga nyumba, wokhoma malata, wosewera mpira wamanja, onsewa amakula mbali imodzi asanakhudze n'komwe chitsulo.

Pali chodabwitsa china chimene chimasokoneza anthu. Nthawi zina mbali yaing'ono ya chifuwa ndi imene ili ndi mkono wamphamvu. Zimachitika kuti mbali imeneyo phewa ndi mnofu wakuseri kwa mkono n'zamphamvu kwambiri moti zimamaliza ntchito chifuwa chisanatope. Munthu woteroyo akamangowonjezera kulemera, amangokulitsa phewa, chifuwa n'kukhala momwemo. N'chifukwa chake sindikonda kupereka malangizo ndisanaone munthu akukankha.

Malangizo a mapushapu 100 a dzanja limodzi tsiku lililonse asiyeni. Mnofu sukula pa nthawi imene mukuuzunza, umakula pamene wapuma, ndipo chifuwa chimafuna pafupifupi masiku awiri chisanagwiritsidwenso ntchito yolemetsa. Komanso mapushapu a dzanja limodzi, kwa munthu amene mbaliyo njofooka kale, amapotoza thupi lonse n'kuika katundu pa phewa. Mudzangodzigulira ululu wa phewa, ndipo phewa lopweteka limapangitsa mbali imeneyo kufookeratu chifukwa thupi limayamba kuitchinjiriza.

Chimene ndimachita ndi anthu anga n'chosavuta. Kwa miyezi itatu, chitsulo chachitali chipume kapena chikhale chomalizira, ntchito yaikulu igwiridwe ndi madambelo, dzanja lililonse lake. Ngati mulibe, umbani awiri, koma muwayeze pa sikelo mpaka afanane. Lamulo lake n'lakuti mbali yofooka ndiyo bwana. Sankhani kulemera kumene dzanja lamanzere lingakankhe bwinobwino maulendo 8 mpaka 12. Lamanzere likatopa pa ulendo wa 9, lamanja nalonso liime pa 9, ngakhale likadali ndi mphamvu yofika 13. Apa m'pamene anyamata amandikwiyira, chifukwa amaona ngati ndikuwabweza m'mbuyo. Mbali yamphamvu siphwa chifukwa cha zimenezi. Mnofu umene unakula kale umasungika ndi ntchito yochepa kuposa imene unafuna kuti ukule. Umangodikira mnzake.

Kankhani motere. Gonani, kokerani mapewa kumbuyo ndi pansi ngati mukufuna kupana pensulo pakati pa msana, ndipo akhale momwemo mpaka seti ithe, kutanthauza maulendo 8 mpaka 12 aja. Mapazi onse awiri apondetse pansi. Zigongono zisatambasukire kunja kufanana ndi mapewa, zisaphatikenso ku nthiti, zikhale pakatikati. Potsitsa werengani masekondi awiri kapena atatu, imani pang'ono pansipo mukumva chifuwa chikukokeka, kenako kankhani. Kutsitsa mwapang'onopang'onoku n'kumene kumagwira wakuba, chifukwa dzanja lofooka silingabisale. Maseti atatu kapena anayi pa benchi yogona, ena otero pa benchi yopendeketsa mutu uli m'mwamba, kawiri pa sabata, n'zokwanira. Ngati mbali yopereweera ili chakumtunda pafupi ndi khosi, yambirani pa benchi yopendeketsayo muli ndi mphamvu zonse.

Kamodzi pa sabata onjezani kukankha ndi dzanja limodzi, linalo litagwira pamimba, kuyambira kumanzere. Pamenepa ndimalola seti imodzi yoonjezera ya mbali yofooka, imodzi yokha, osati zisanu. Njira imeneyi ndi sikelo yanu yabwino kuposa galasi. Lembani m'kope kuti kumanzere mwafika angati, kumanja mukanafika angati. Kusiyana kwa ulendo umodzi kapena awiri n'kwa aliyense. Ngati kumanja mumafika 12 pomwe kumanzere mumakanika pa 6, pamenepo pakufunika maso a odziwa mafizo, chifukwa dzanja lozolowera palokha silisiyanitsa choncho.

Musaiwale msana. Ndikudziwa kuti kuseri kwa nyumba, Lolemba ndi chifuwa, Lachitatu ndi chifuwa, Lachisanu ndi chifuwa ndi mikono, chifukwa n'zimene zimaoneka mu sikipa. Koma chifuwa chimakankhira pa maziko amene msana wamanga. Ngati minofu yogwira fupa la kuseri kwa phewa ili yofooka mbali imodzi, phewa limenelo limagwera kutsogolo pokankha ndipo chifuwa sichitambasuka mokwanira. Pa seti iliyonse yokankha pakhale seti yokoka: kukoka dambelo ndi dzanja limodzi bondo lili pa benchi, kudzikoka pa chitsulo chopachika. Mukamaliza, ikani mkono pa mphuthu ya chitseko n'kutembenuza thupi pang'ono, theka la miniti mbali iliyonse. Mudzadabwa kupeza kuti mbali ina njomangika kuposa inzake.

Pa chakudya sindichedwapo. Palibe chakudya cholunjika mbali imodzi, koma mbali yotsalayo singakule ngati thupi lonse likusowa zomangira. Ofufuza anapeza kuti wonyamula zitsulo amapindula akamadya pafupifupi magalamu 1.6 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Wa makilogalamu 70 ndiye kuti akufuna magalamu pafupifupi 110. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Usipa, bonya, nyama ya soya, nyemba, mtedza ndi mkaka zikhoza kukufikitsani kumeneko popanda kugula zitini za ufa zodula. Ndipo muzigona tulo tokwanira.

Za jekeseni ija ndiyankhula mosabisa. Ngati ndi ma steroid, mankhwala okulitsa minofu aja, amalowa m'magazi n'kuyenda thupi lonse, sasankha kuti kumanzere kokha. Mbali yaikulu idzakula, yaing'ono idzakula, kusiyana kudzakhalapobe, mwinanso kuonekera kwambiri. Pamwamba pake amatha kumeretsa mabere, kufooketsa mphamvu yobereka, kukweza BP ndi kuvutitsa mtima ndi chiwindi. Amakulitsanso mnofu msanga kuposa mtsempha wougwiriziza ku fupa, ndipo n'chifukwa chake ambiri mwa oduka mnofu wa chifuwa amakhala ogwiritsa ntchito mankhwalawa. Ngati ndi mafuta obayira mu mnofu momwemo, aja amatchedwa synthol, amenewo si mnofu konse, ndi chotupa chochita kugula. Amabweretsa mafinya ndi zipsera zolimba m'kati, ndipo ena amathera pa mpeni wa dokotala. Singano yobwerekana nayo ili ndi zake, HIV ndi matenda a chiwindi. Mnzanuyo muuzeni kuti zikomo.

Tsopano zimene zimafuna chipatala. Choyamba ndi kuduka kwa mnofu. Kumachitika kawirikawiri pa benchi, chitsulo cholemera chili pansi pafupi ndi chifuwa, makamaka kwa amuna a zaka za pakati pa 20 ndi 40. Munthu amamva kuti thu kapena ngati nsalu yang'ambika, mkono umafooka pomwepo, mawa lake mkono ndi chifuwa zimada ndi magazi ogwera m'kati. Kutupa kukatha, khoma la kutsogolo kwa khwapa limaoneka lopyapyala kapena losowa, mnofu n'kuunjikana chapakati, nsonga ya bere n'kutsika. Ndakumanapo ndi mnyamata amene anabwera akudandaula kuti mbali ina "yaphwa", ndipo nditamufunsa bwino anakumbukira tsiku limene chitsulo chinamugwera miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo. Anangothowa ndi madzi otentha n'kupitiriza. Mtsempha woduka umasokeka bwino m'masabata oyambirira, pafupifupi asanu ndi limodzi. Ukachedwa umabwerera m'kati n'kuuma, opaleshoni n'kukhala yovuta. Dziyeseni: ikani manja m'chiuno, finyani mwamphamvu, muone pagalasi ngati makoma a kutsogolo kwa makhwapa onse awiri akuimirira mofanana.

Chachiwiri ndi mbali imene ikuchepa m'malo mongotsalira, makamaka ngati pali dzanzi, kuyaka kapena kunyerenyetsa kotsika kuchokera m'khosi kupita m'mkono, kapena ngati fupa la kuseri kwa phewa limatukuka ngati phiko mukakankha khoma. Zimenezo zimaloza ku mitsempha yotumiza mauthenga, imene ingakhale yopanikizika m'khosi kapena paphewa. Mnofu wosalandira uthenga sukula, munganyamule bwanji.

Chachitatu, mwina mbali "yaikuluyo" ndiyo ili ndi vuto. Gwirani kuseri kwa nsonga ya bere. Mukapeza kambulu kolimba ngati labala, nthawi zina kopweteka, umenewo si mnofu, ndi bere lomera, ndipo limatha kumera mbali imodzi. Kwa anyamata otha msinkhu kumene n'zofala ndipo nthawi zambiri zimatha zokha. Kwa wamkulu zimatha kubwera ndi ma steroid, mowa wambiri, matenda a chiwindi kapena mankhwala ena monga spironolactone ndi efavirenz. Amene ali pa mankhwala otere asasiye kumwa payekha, akauze amene anamupatsa kuti aone ngati angasinthe. Chotupa cholimba ngati mwala, chosasuntha, nsonga ya bere yolowa m'kati kapena yotulutsa magazi, zimenezo n'zopita nazo sabata yomweyo. Khansa ya bere imagwiranso amuna, pafupifupi mmodzi pa odwala 100 alionse.

Palinso chibadwa china chosowa chotchedwa Poland syndrome, dzina lochokera kwa Alfred Poland amene anachifotokoza ku Guy's Hospital, mumzinda wa London, mu 1841. Munthu amabadwa opanda gawo lalikulu la mnofu wa chifuwa mbali imodzi, kawirikawiri kumanja, ndipo amuna ndiwo ambiri. Ena dzanja la mbali imeneyo limakhala laling'ono kapena zala zolumikizana, koma ena sazindikira mpaka atayamba zitsulo n'kuona kuti mbali ina sikuyankha. Mnofu umene kulibe sungamere, koma anthu oterewa amanyamula bwinobwino ndipo minofu yozungulira imathandiza. Sindikuganiza kuti ndi nkhani yanu, poti mukunena kuti mbali zonse zakula, ina yangotsalira.

Ndipo popeza tikukamba za chifuwa chakumanzere: ululu wothina pamtima pochita masewera, kubanika kapena chizungulire, si nkhani ya mnofu. Siyani chitsulo pomwepo, pitani kuchipatala.

Mukapeza chimodzi mwa izi, yambirani pa chipatala chapafupi, muwauze kuti mukufuna kuonedwa ndi a za mafupa kapena a mafizo. Inu a ku Blantyre muli pafupi ndi Queen Elizabeth, ndipo a ku Lilongwe ali ndi Kamuzu Central ndi chipatala cha mafupa cha LION chili pomwepo. M'zipatala za maboma mumakhalanso ma clinical officer a za mafupa amene angakuoneni n'kukutumizani kutsogolo ngati pakufunika. Tengani zithunzi zija, zimafupikitsa nkhani.

Ngati mwadziyesa ndipo palibe chimodzi mwa zimenezi, Loweruka likubwerali nyamulani zigulumwa zanu pa wilibala mukaziyeze, mulembe kulemera kwake ndi penti pa chilichonse. Mphamvu za kumanzere zidzayamba kuyandikira za kumanja pakatha masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, mudzaziona m'kope musanazione pagalasi. Maso adzayamba kuona kusintha pakatha miyezi itatu, ndipo kusiyana kumene kwamangidwa zaka ziwiri kungatenge miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Jambulani chithunzi kamodzi pa mwezi, malo omwewo, nthawi yomweyo, ndipo pakati pa masiku amenewo galasi lisiyeni. Mukadzalembanso, munditumizire manambala a m'kope aja ndi kulemera kumene mudzapeze pa sikelo, chifukwa ndili ndi chidwi chodziwa kuti chigulumwa chakumanja chikuposa chinzake ndi makilogalamu angati.